Peavey TNT 130 yakalekale ija, oyimba besi musayiderere

Anzanga oyimba besi, mukaiona amp (chokuzira mawu a gitala) imeneyi pa kaunjika kapena ili pakona ku tchalitchi yadzadza fumbi musangoyipitirira. Ndi chibokosi chakuda chosaoneka bwino, koma mawu ake eeh, besi imamveka mpaka m'chifuwa.

Peavey anthu timaidziwa ngati kampani yaikulu chifukwa masipika ndi ma mixer ake ali paliponse, koma inayamba mochepa kwambiri. Hartley Peavey anaiyambitsa mu 1965 ku Meridian, Mississippi ku America, ali yekha, ndipo bambo ake anali ndi shopu yogulitsa zoyimbira mtauni momwemo. Iye ankafuna kukhala woyimba gitala koma anaona kuti luso lake lenileni ndi lopanga zipangizo, ndiye anaganiza zopangira oyimba wamba zinthu zolimba pamtengo oti angakwanitse. Kampani inakula mpaka mu 2005 inagula Trace Elliot ya ku England ija yodziwikanso ndi ma amp a besi.

TNT 130 ndi ya m'ma 1980, nthawi imene ankapangira konko ku Mississippi. Ma watt 130, sipika imodzi ya mainchesi 15, mkati ndi ma transistor osati ma valve (timababu ta galasi ta m'ma amp ena), ndiye simuvutika kusakasaka ma valve odula aja. Pa pepala 130 ikuoneka yochepa poyerekeza ndi zatsopanozi zolembedwa 500 koma mu holo ya sukulu kapena mu tchalitchi cha pakatikati imakwana bwinobwino ngakhale wa ng'oma akumenya mwamphamvu. Ili ndi kanthu kotchedwa DDT kamene kamagwira mawu mukakweza mopyola, kuti asasweke n'kuwononga sipika, ndipo kwa ife amene amp imodzi timabwerekana anthu ambirimbiri chimenechi n'chofunika zedi.

Chimene ndimaikondera kwambiri ndi choti imakonzeka. Mukatsegula zonse zikuoneka, ma capacitor akuluakulu, malo okwanira kulowetsa chowotchera mtovu, moti wokonza mawailesi wodziwa ntchito yake atha kuidzutsa osachita kuitanitsa bolodi yonse kunja. Mukapeza yokhala ndi sipika ya Black Widow ndiye mwachita mwayi chifukwa imeneyo ikapsa mumangomasula maginito kumbuyo, kusintha basiketi (mbali yakutsogolo ya sipika), kumanganso, basi.

Zovuta zilipo. Kulemera! Munthu mmodzi kuikweza mu minibasi ndi nkhondo, ikani matayala pansi msana wanu usapweteke. Mawu akenso ndi okhuthala, achikale, abwino pa reggae, gospel ndi nyimbo za kwathu zofuna besi yonenepa, koma okonda slap (kaimbidwe komenya zingwe ndi chala chachikulu) yowala kwambiri ija mwina sakhutira. Komanso zaka zapita, ma knob ambiri amakhala akukhwekhwereza mukamapotokola, zimafuna kutsuka ndi spray.

Musanapereke ndalama yang'anani kumbuyo pamene palembedwa magetsi. Zambiri zochokera ku America ndi za 120V pomwe athu kuno ndi 230V, mukangobaya pakhoma popanda step-down (kachipangizo kotsitsa mphamvu ya magetsi) ndiye mwaiotcha tsiku lomwelo. Pitani ndi gitala yanu, imbani chingwe cha E mokweza kwa kanthawi ndithu mumve ngati sipika ikunjenjemera molakwika, ndipo ikamalira huuu musanayimbe n'komwe dziwani kuti ma capacitor atopa, muwauze achotsere mtengo.