Majigi omanga ndekha ndawakoka sizoni yonse, crappie zake ndi izi

Madzi ayamba kuzizira kuno ku Indiana ndiye ndati ndibwerenso pa nkhani ya majigi ija, nyambo zowedzera zomwe ndimamanga ndekha, mbedza ya mutu wa mtovu yomangiridwa nthenga. Mu Febuluwale nditangogula zipangizo zomangira ndinanena kuti vayisi (chopanira mbedza pomanga), ulusi, nthenga ndi penti zonse zikuoneka zabwino ndipo mwina nyambo za pulasitiki ndisiyiratu kugula, koma nthawi imeneyo kunja kunali sinowo, jigi inali isanalawe madzi. Pano ayenda kumbuyo kwa boti kuyambira Malichi mpaka Okutobala, makamaka pa Monroe Lake kufupi ndi Bloomington, pena ku Patoka Lake kummwera uko, nde zomwe ndinene apa ndi zoona ndi maso.

Kwa inu amene simunaionepo, crappie ndi nsomba ya m'madzi a ku America kuno, yafulati m'mbali, yoyenda pagulu, ndipo ilipo mitundu iwiri, white ndi black. Musamadalire khungu ayi chifukwa yamphongo ya white ikafika nthawi yoswa imada bii, werengani minga ya pamsana, white imakhala ndi 5 kapena 6, black 7 kapena 8. Zomwe ndakhala ndikugwira ku Monroe zambiri ndi white, zimapirira madzi amatope. Chakudya chake chachikulu ndi tinsomba totchedwa shad, tingoti ndi usipa wa kuno, pomwe pali shad crappie sizikhala patali. Zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa usanamange jigi ndi izi, pakamwa pake ndi popyapyala kwambiri pamang'ambika msanga, komanso imadyera m'mwamba, nyambo ikadutsa pansi pake ngakhale ndi fiti imodzi siitsata.

Ndiyambe ndi zida. Vayisi yomwe inabwera mu bokosi lotchipa la zipangizo lomwe ndinagula poyamba inagwira ntchito miyezi yoyamba basi, pofika Epulo mano ake anali atasalala, ukamakoka ulusi mwamphamvu mbedza imaterereka kumaweramira pansi, ndipo pa jigi ulusi umayenera kukokedwa ndithu osati monyengerera. Ndinagula ina yozungulira, yomwe umatembenuza jigi kuiona pansi osaimasula, imeneyi mpaka lero ili nganganga. Bobini, kogwirira ulusi pomanga, ya kachubu kachitsulo nayo imadula ulusi pakati pa ntchito, ya ceramic vuto limeneli ilibe. Sizasi ndi yomwe ija, ili bwino. Ulusi ndakhazikika pa 210 denier (muyeso wa kunenepa kwa ulusi) wa nayiloni wopaka phula, 140 ndimangogwiritsa pa timitu ta 1/32 aunsi chifukwa 210 amatupitsa khosi.

Penti ya ufa ndiye sindikudandaula nayo ngakhale pang'ono. Umagwira mbedza ndi pulayasi, kutenthetsa mutu wa mtovu pa heat gun (chipangizo chouzira mpweya wotentha) kamphindi kochepa, kuuviika mu ufa womwe wautakasa kuti ukhale wofewa, kuutulutsa msanga, ufa uja umasungunuka nkuwala pompo. Ukatero boola diso la mbedza ndi kawaya pentiyo isanalimbe, ukadikira kuti ituluke mu uvuni udzalimbana nayo mpaka kukanda diso ndipo diso lokandika limadya chingwe. Kenako kuwapachika mu kauvuni kakang'ono pa 350°F kwa mphindi 20. Ndinasiya dala mitu ina osaiotcha kuti ndione kusiyana, ija inasupuka itangogunda miyala ya m'mbali mwa msewu wodutsa panyanja, pomwe yootcha ilipo mpaka pano penti yake ili chikhalire. Kauvuni kameneka ndi ka mu galaja basi, chakudya sichilowamo, mtovu ndi poizoni abale, ndipo ana asamagwire mitu imeneyi. Kusungunula mtovu ndekha sindinayambe, ndimagula mitu yosapenta.

Tsopano pomwe pagona nkhani ndi pa mchira. Majigi ambiri a m'sitolo ndi a pa zithunzi za pa Facebook amakhala ndi marabou wambiri, nthenga zofewa za nkhukundembo zija, mchira wake fwaa, wokongola zedi m'manja. Koma kukoka kumbuyo kwa boti ndi nkhani ina. Mchira wonenepa umagwira madzi nkukweza jigi, nde mutha kukhala ndi majigi awiri a 1/16 aunsi, chingwe chofanana, sipidi imodzi, koma ina ikuyenda fiti imodzi kapena awiri pamwamba pa inzake chifukwa cha nthenga basi. Ndinaziona bwino pokoka majigi awiri pambali pa boti m'madzi oyera ku Patoka, wonenepa uja amayandama chakumwamba mutu utadzuka, wowonda akuyenda mowongoka. Kuchokera pamenepo ndimathothola kachigawo kochepa m'mbali mwa nthenga, osati nsonga yonse, ndimanyowetsa zala kuti tiubweya tigwirizane, kutalika kwake kungofanana ndi thupi la mbedza, ndikamanga ndimakweza jigi ku getsi, ngati kuwala sikukudutsa mu mchira ndiye kuti wachuluka ndimachotsako. Mchira wautali nawo uli ndi vuto lake, nsomba imangojompha nthenga osafika pa mbedza, ndodo imagwedera koma palibe chogwira.

Phindu lenileni lomanga wekha ine ndalipeza apa. Majigi anga onse a kulemera kumodzi amayenda pa kuya kofanana chifukwa dzanja lomanga ndi limodzi, ndiye ndikaona pa fish finder, kamakina koonetsa nsomba pansi pa madzi, kuti nsomba zayandama pa mafiti 9 ndimadziwa chochita osaganizira kawiri. Pa boti langa, ndi chingwe cha mapaundi 6, jigi ya 1/16 nditaiponya kutali ndithu kumbuyo pa sipidi ya mailo imodzi pa ola imayenda cha pa mafiti 6 kapena 7. Ndikamanga awiri pa chingwe chimodzi amatsika kupitirira apo, ya 1/32 yokha imayenda pamwamba kwambiri. Manambala amenewa musawatenge ngati lamulo, pezani malo osaya omwe mukudziwa kuya kwake, dutsanipo muone pomwe jigi yanu yayamba kukhudza pansi, mulembe. Mitundu anthu amaikangana kwambiri koma ine ndaona kuti ukaphonya kuya ngakhale usinthe mitundu yonse ya mu bokosi palibe chimachitika. Yomwe yandigwirira ndi yochepa, thupi lakuda mchira wa chartreuse (wachikasu chobiriwirako) madzi akada ndi matope mvula ikagwa, pinki ndi woyera tsiku lowala, ndi wotuwa wokhala ndi tiulusi tiwiri tonyezimira nthawi yomwe shad zachuluka.

Lamulo la Indiana limalola ndodo zitatu pa munthu, nde ndikakhala ndekha ndi zitatu, tikakhala awiri ndi mlamu wanga zisanu ndi imodzi. Timaziika zosiyana kutalika, yaitali ya mafiti 14 kutsogolo itatambasukira kunja, ya 12 pakati, yaifupi kumbuyo, kuti zingwe zisakolane pokhota. Mfundo ndimamanga ya lupu kuti jigi izisewera momasuka. Kamota ka magetsi ndi komwe kamayendetsa, injini yaikulu imathamanga kwambiri. Ku Monroe ndimakonda chigawo cha kummawa kwa msewu wa 446 chifukwa kumeneko maboti saloledwa kuthamanga, palibe mafunde a anthu a masewera okusokoneza sipidi. Ndodo ikapindika musamakoke mwamphamvu kuti mbedza ilowe, boti layikola kale, ingonyamulani nkumapota pang'onopang'ono ndipo yaikulu itengeni ndi kaukonde, kuikweza ndi chingwe mlomo umang'ambika ili m'mbali mwa boti.

Sizoni yake yayenda chonchi. Kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo madzi ali cha m'ma 50°F majigi a nthenga analibe mnzake. Nsomba zimakhala zaulesi, sipidi ndimatsitsa kufika mamailo 0.7 kapena 0.8 pa ola, ndipo pa sipidi yotere mchira wopindika wa pulasitiki sumazungulira bwino pomwe marabou amapumabe, kufufuma nkufwapa. Chomwe ndinachiona mobwerezabwereza ndi choti zambiri zimadya pokhota. Ukakhota majigi a mkati amachedwa nkumira, a kunja amathamanga nkukwera, ndipo pa kachedwedwe kaja nthenga zimatambasuka, ndi pomwe ndodo imagwa. Ndiye ndinasiya kuyenda mowongoka, ndimayenda mokhotakhota ndipo mbali yomwe yadya imandiuza ngati ndiwonjezere sipidi kapena ndichepetse. Madzi atafika m'ma 60°F zinalowa kukaswa m'zitsamba za m'mbali, kukoka kunachepa mphamvu, koma majigi omwewo pansi pa kachoyandamitsa anagwirabe ntchito.

M'chilimwe ndiye ndinene chilungamo, pulasitiki inawina. Julaye ndi Ogasiti nsomba zimafuna nyambo yothamanga, 1.2 kupita mtsogolo, ndipo pa sipidi imeneyo marabou amangofwapiratu kukhala kamzere, sapumanso. Mlamu wanga mbali yake anali ndi michira yopindika ndipo masiku ambiri amandiposa, ndiye mawu anga a mu Febuluwale osiya pulasitiki aja sanatheke, ndimayenda nayobe. Ndinayesa ubweya wa mchira wa mwana wa ng'ombe ndi wa gwape, umenewu sufwapa, umasunga thupi ngakhale pa sipidi, unachitako bwino kuposa marabou makamaka pa mutu wokhala ndi kasupuni kozungulira pansi ngati wa majigi a m'sitolo a Road Runner, koma mchira wopindika sunaugonjetse. Nyengo yotentha madzi apansi amakhalanso opanda mpweya wokwanira, nsomba zimaunjikana pamwamba pa mzere womwe madzi opanda mpweyawo amayambira, nde kuya kumafunika kukutsata kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Kuyambira kumapeto kwa Seputembala madzi atayamba kuzizira nthenga zabwereranso pamalo pake.

Pa kulimba palibe mpikisano. Pulasitiki ikagwira nsomba zingapo imang'ambika kapena kumatsika pa mbedza, umangokhalira kukonza, pomwe jigi yomanga bwino imagwira tsiku lonse mpaka chenille, kachingwe kaubweya kokulunga thupi, kuyamba kuthothoka koma nsomba zikudyabe. Chinsinsi ndi kuyala ulusi pa mbedza kaye usanaike china chilichonse, kenako kadontho ka kyutekisi wopanda mtundu pa mfundo yomaliza, yemweyu wa zikhadabo, wagwira bwino sizoni yonse. Ambiri omwe ndataya sanathe ndi nsomba, anatsala pa mitengo ya pansi pa madzi, ku Patoka makamaka komwe mitengo inasiyidwa chiimire pomwe amatseka damu. Mbedza za waya woonda zandipulumutsira ambiri, ukakoka chingwe mosadukiza mbedza imawongoka nkutuluka, umaipindanso ndi pulayasi, ngakhale ikawongoka kawiri katatu ndimaitaya chifukwa imafooka. Mbedza za mtundu wa sickle saizi 4 ndi 2 ndi zomwe ndazikonda, zimakonda kulowa kumwamba kwa kamwa komwe kuli kolimba.

Chodandaulitsa china ndi utoto wa nthenga. Paketi ina ya marabou wofiira ndi wa pinki imasuluka, ukaika jigi yonyowa mu bokosi limodzi ndi zoyera mawa lake zonse zasanduka pinki, ndipo mbedza zimachita dzimbiri pansi pa chenille pomwe sukuona. Pano jigi ikachoka pa chingwe ndimaibaya pa kasiponji kamene ndinamata m'mbali mwa boti, imalowa mu bokosi ikauma.

Za ndalama musanamizidwe kuti mupulumutsa msanga. Mukaphatikiza vayisi yabwino, heat gun, kauvuni, penti ndi nthenga zomwe umangogula mtundu wina uliwonse ukauona, ine sindinabweze ndalama zanga chaka chino, mwina chaka chamawa. Amene mumawedza kawiri katatu pa chaka gulani opanga kale basi. Koma amene mumakhala pamadzi kuyambira madzi oundana akangosungunuka, ndipo mumakoka majigi pa sipidi yotsika, muyambe, ingodumphani bokosi lotchipa lija mugule vayisi imodzi yabwino ndi bobini ya ceramic poyamba pomwe. Malire a crappie ku Indiana ndi 25 pa tsiku pa munthu, ife timatenga zokwanira ndiwo za masiku awiri atatu, zazing'ono ndi zazikazi zodzadza mazira timabweza, ndipo yokazinga yonse ndi mutu womwe pa nsima imakoma zedi.

Dzinja lino ndikufuna ndimange a 3/32 aunsi, chifukwa pakati pa 1/16 ndi 1/8 pali mpata womwe wandivutitsa nsomba zikakhala pa mafiti 10 mpaka 12, komanso ndiyese thupi la chenille lokhala ndi kamchira kopindika ka pulasitiki komangirira ndi ulusi kumbuyo, ndione ngati Julaye wa chaka chamawa angasinthe.