IC-7300: wailesi ilibe vuto, wogulitsa ndiye anandikhumudwitsa

Ndinagula IC-7300, wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, yogwiritsidwapo kale ntchito kwa bambo wina wa ku Johannesburg. Ananditsimikizira kuti anaitchera kale zonse, ine ndingolumikiza n'kulowa mumpikisano. Ndinawakhulupirira, osagwira kalikonse.

Loweruka la CQ WW SSB, mpikisano wa dziko lonse wolankhulana pa wailesi, kumapeto kwa Okutobala, ndinakhala pa bandi ya mamita 15 kuyambira masana. 7Q, chiyambi cha kolosaini (dzina loitanirana pa wailesi) ya ku Malawi, anthu amaisaka, ndiye ndinkadziwa kuti akangondimva athamangira. Koma aliyense amene ndamuitana ankangoti ndibwereze, ndibwerezenso. Ola lathunthu, anthu 6 okha m'logi yolembamo amene ndalankhula nawo. Kenako mkulu wina wa ku Ulaya anandiuza mosabisa kuti ndikumveka ngati ndikulankhulira mumgolo, komanso mawu anga akusefukira kwa anzanga a pa mafunde a m'mbali. Manyazi a tsiku limenelo akadali nane. Ndinaimbira bambo aja katatu pa WhatsApp, osayankha. Uthenga anawerenga, koma zii.

Nditatsegula menyu ndinapeza Bass ili pa +5, COMP (yopanikiza mawu kuti amveke mwamphamvu) pa 10, TBW (kukula kwa mpata wa mawu otumizidwa) pa WIDE, kutanthauza 100 mpaka 2900 Hz, ndipo mzere wa ALC, woonetsa ngati mawu akulowa mopyola muyeso, unkadutsa malire ndikangotsegula pakamwa. Mawatsi 100 aja ambiri ankathera m'mawu abesi, omwe sathandiza munthu kumva zilembo za kolosaini yako pakati pa phokoso la anthu ambirimbiri oitana nthawi imodzi. Amene wachitako mpikisano ngakhale umodzi sangatchere wailesi chonchi.

Apa ndiye wailesiyi inandibweza mtima. Ndinavala mahedifoni, kuyatsa MONI kuti ndizidzimva ndekha, n'kuyamba kusintha chimodzichimodzi. TBW ndinaika pa MID, 300 mpaka 2700. Bass pa -3, Treble pa +3. Mic gain ndinaitsitsa mpaka ALC itabwerera m'malire ake, COMP n'kuisiya pa 4. Mawu anga anayamba kumveka owonda, osakoma kuwamvera, koma chilembo chilichonse chinkatuluka mbee. Woyamba amene ndinamuitana anayankha kamodzi kokha, 59 14, ine 59 37 (59 ndiye kuti tikumvana bwino, 14 ndi 37 ndi manambala a zigawo zathu), basi. Zonsezi sizinatenge mphindi khumi, ndipo sindinagule maiki ina, HM-219 yomwe imabwera nayo ija inakwanira. Ndinajambulanso CQ yanga, mawu oitanira anthu, pa SD khadi n'kuiika pa batani la T1 kuti wailesi izindiitanira, apo ayi pakhosi pakanauma maola 48 a mpikisano asanathe.

Bambo aja anayankha Lolemba. Akuti iwo amangocheza ndi anzawo madzulo pa mamita 40, kumene besi amakoma, mpikisano sanachitepo. Mkwiyo unatsikako, chifukwa katundu anamupakira bwino, anafika wopanda chikanda ngakhale chimodzi. Komabe akanangonena zimenezo pogulitsa paja, Loweruka langa silikanawonongeka.

Wailesi ndikuipatsa nyenyezi zisanu, wogulitsa ziwiri. Manambala anga aja ndawalemba pakapepala n'kumata pamwamba pa wailesi, ndipo Treble ndiyesa +4 pa mpikisano wa CQ WPX wa mu Malichi.