Patha miyezi 9: tebulo la kamba lili bwinobwino, koma nyali yake yandidyera ndalama

Alamu anga a ku Leicester anandiimbira Lamlungu kufunsa ngati angagulire mwana wawo katundu wosungira kamba ngati amene ife tinagula chaka chatha. Ndinawapempha kuti adikire ndichite kulemba, chifukwa bilu ya magetsi inali itangofika kumene ndipo mtima unali m'mwamba. Mu Julayi ndinalemba zoyamikira katunduyu, nyenyezi zonse zisanu ndinapereka. Nthawi imeneyo dzuwa linkalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Tsopano tadutsa naye m'chisanu cha kuno ku Nottingham, ndipo pali zimene sindikanadziwa mu Julayi.

Tinagula mu Juni 2024 pa sitolo ina yogulitsa zokwawa. Mwana wanga wamkazi ankalirira galu, koma eni nyumba salola, ndiye tinagwirizana za kamba. Ndi wa mtundu wa Hermann, wa kum'mwera kwa Ulaya, ndipo anali ndi chaka chimodzi ndi theka. Mwanayo anamutcha Dekhani. Kambayo anali £150. Katundu wake, amene anatiuza kuti ndi wokwanira zonse, anali £185: tebulo lamatabwa lotseguka pamwamba, babu la mawatsi 100 lopereka kutentha pamodzi ndi kuwala kwa UVB (kuwala kosaoneka ndi maso kumene kamba amapeza padzuwa), chipewa chachitsulo cha babulo chokhala ndi chopanira, thermometer yomata pathabwa, thumba la dothi ndi mbale ziwiri.

Zabwino ndizinene msanga. Tebulo ndi lolimba, silinapindike ngakhale ndimanyowetsa dothi m'mawa uliwonse, ndipo kachipinda kake ka mdima ndi komwe Dekhani amagona. Mbale ya madzi ndi yosazama, amalowa n'kutuluka yekha osagudubuka. Pa mapepala wogulitsa anachita bwino: kamba wa Hermann saloledwa kugulitsidwa ku Britain popanda chiphaso cha Article 10, ndipo chathu tinapatsidwa tsiku lomwelo osachita kukumbutsa.

Vuto ndi nyali.

Babu loyamba linapsa kumapeto kwa Seputembala, litangogwira miyezi itatu. Ndinapita nalo ku sitolo, anandipatsa lina osalipiritsa, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuwatamanda. Lachiwiri linayamba khalidwe lachilendo: limayaka m'mawa bwinobwino, pakatha maola awiri kapena atatu lazima lokha, pakapita mphindi khumi layakanso. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndimachoka kusanache n'kubwera kutada, choncho sindinkadziwa kuti masana limazima kangati. Anazindikira ndi mwana, Loweruka lina, atakhala pafupi ndi tebulo akulemba za kusukulu. Anawerenga kanayi.

Nthawi yomweyo Dekhani anayamba kusintha. Mawotchi atabwezedwa pa 27 Okutobala, mdima n'kumagwa anthu asanaweruke, anayamba kuchedwa kutuluka m'kachipinda. Kenaka anasiya kutulukiratu. Ukamunyamula n'kumuika pa chakudya, amanunkhiza, n'kutembenuka kukadzikwirira m'dothi. Ndimamuyeza Lamlungu lililonse pa sikelo ya kukhitchini: kumayambiriro kwa Okutobala anali magalamu 58, pofika pakati pa Novembala anali 53. Magalamu asanu amaoneka ochepa, koma pa kanyama kokwana m'chikhatho ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake. Ndikayang'ana thermometer ija, inkaonetsa madigiri 31. Ndinkadziuza kuti kutentha kulipo, mwina akungodwala.

Sabata imene kunagwa chipale chofewa, cha pa 19 Novembala, babu lachiwiri linazima osayakanso. Ndinathamangira ku sitolo nditaweruka. Ulendo uno bambo wogulitsa m'sitolomo anandilandira mosiyana. Anati mababu ndi zinthu zotha, ngati mabatire, ndipo sangamandipatse laulere nthawi zonse. Anafunsa ngati ana samaligwedeza. Ndinati ayi. Anati mwina ndi mawaya a m'nyumba mwathu. Ndinalibe nthawi yokangana, kamba anali pozizira kunyumba, ndiye ndinalipira £38 n'kutenga lachitatu. Usiku umenewo ndinasiya hita ya magetsi ili chiyakire m'chipindamo, ndipo ndinachita zimenezo milungu itatu yathunthu. Bilu ya mwezi umenewo sindifuna kuikumbukira.

Amene anatitsegula maso ndi dokotala wa ziweto wodziwa za zokwawa, yemwe tinamulipira £65. Atamupima anati alibe chimfine, maso ndi mphuno zili bwino, chigoba n'cholimba. Kenaka anandifunsa funso limene ndinalephera kuyankha: pamsana pa kamba penipeni, pamene amaothera, pamatentha madigiri angati, nanga 4 koloko m'bandakucha m'tebulomo mumakhala angati? Ndinatchula 31 uja. Anandifunsa pamene thermometer inamatidwa. Inali m'mwamba pathabwa, pafupi ndi chipewa cha babu, malo amene kamba safikako. Ndinagula ina ya £12, yoloza ngati tochi, n'kuyeza pa dothi. Pansi pa nyali panali 24. Usiku, hita itazimitsidwa, ndinapeza 11.

Mmene anandilongosolera, kamba sapanga kutentha m'thupi mwake. Kuti adye ndi kugaya chakudya amafunika malo oothera a madigiri 30 mpaka 32, mbali ina ya tebulo ikhale cha m'ma 20 kuti azikapumako, usiku kusatsike kupitirira 15, ndipo kuwala kukhale maola 12 mpaka 14. Kuno mu Disembala usana sukwana maola 8, kambayo amaona kuti nthawi yogona yafika. Akamba a Hermann kwawo amagonadi tulo tatitali m'chisanu, koma tulo totetezeka timafuna kuzizira kwenikweni, cha m'ma madigiri 5, m'mimba mulibe kanthu. Pamene panali Dekhani ndiye poipa: sikunazizire mokwanira kuti agone, sikunatenthe mokwanira kuti adye, ndiye thupi limangodya mafuta ake. Popeza anali atatsika kale, dokotala anati chaka chino asagone, timusunge ali maso mpaka chisanu chithe.

Kumudzi kwathu akamba tinkakumana nawo m'minda mvula ikayamba, m'nyengo yozizira osawaona, ndipo palibe amene ankafunsa komwe apita. Sindinaganizepo kuti kusowa kwawo kuja inali nkhani ya nyengo yomweyi.

Babu lachitatu nalo linayamba kuzimazima mu Disembala. Apa ndinakhala pansi n'kuwerenga kapepala ka m'bokosi mwake mzere ndi mzere. Kanalembedwa momveka kuti babu la mtundu uwu lizilendewera choloza pansi, osati chopendekeka, likhale m'chipewa chotakasuka chokhala ndi soketi yadongo, ndipo likatentha kwambiri kapena kugwedezeka limadzizimitsa mpaka lizizire. Ndinayang'ana chipewa chimene anandigulitsa. N'chaching'ono, babu limachita kutulukira kunja, ndipo chopanira chake chimagwira m'mphepete mwa tebulo, moti nyali singaloze pansi ngakhale utaipotoza bwanji. Imakhala chopendekeka basi. Ndiye kuti babu linkadzitentha lokha m'chipewamo, kwinaku kutentha kwake kukumwazikira pathabwa m'malo mogwera pa kamba. Zinthu ziwirizi anazimanga m'phukusi limodzi ndi iwo eni, n'kundigulitsa ngati zoyenderana.

Ndinagula kwina chipewa chachikulu ndi mtengo wachitsulo wopachikapo, zonse £42. Babu lomwe lija, lachitatu, ndinalipachika choloza pansi, masentimita 30 kuchokera pamsana pa kamba. Kuyambira pa 14 Disembala mpaka lero silinazimepo lokha ngakhale kamodzi, ndipo pa dothi pamafika 32. Babu la mtundu uwu sililumikizidwa ku thermostat (kachipangizo kowongolera kutentha), kutentha kwake umakusintha polikweza kapena kulitsitsa, ndiye ndinangoliika pa kawotchi koyatsa 7 koloko m'mawa n'kuzimitsa 8 koloko usiku. Wausiku ndinagula hita yaing'ono yadongo yosawala, ndi thermostat yake yoikidwa pa 18, zonse £48. Tebulo ndinalichotsanso pafupi ndi zenera. Ndinkaganiza kuti kadzuwa kolowera pamenepo kamamuthandiza, koma UVB sadutsa galasi, chimene chinkadutsa ndi mphepo yozizira.

Chimene chinandidabwitsa ndi changu chake pochira. M'mawa uliwonse tinkamutulutsa, kumuika m'madzi ofunda ofika m'khosi kwa mphindi 15, kenaka pansi pa nyali. Tsiku lachinayi mwana anandiimbira ndili kuntchito, akulankhula mothamanga: "Amayi, wadya! Wamaliza tsamba lonse!" Masamba a kutchire monga dandelion amasowa m'chisanu, choncho tinkamupatsa timasamba ta saladi ta m'sitolo, rocket ndi radicchio, towaza ufa wa calcium, ndi fupa la cuttlefish loti azidziluma yekha. Zoyera zimene amatulutsa pokodza, zomwe zinali zitayamba kukhala ngati mchenga, zinabwerera kukhala zofewa. Lamlungu lapitali anali magalamu 66, ndipo m'mizere ya chigoba mwayamba kuoneka timizere toyera tosonyeza kuti akukula.

Mu Januwale ndinabwerera ku sitolo ndi chipewa chija, kapepala ka m'bokosi ndi malisiti onse. Ndinali nditamvanso kuti lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati katundu akaonetsa vuto isanathe miyezi 6, zimatengedwa kuti vutolo linalipo pogula, pokhapokha wogulitsa atasonyeza kuti sizili choncho. Ndinawauza bambowo kuti babu lachiwiri linapsa patatha miyezi isanu chigulireni phukusi, ndipo chinapsetsa ndi chipewa chawo. Anawerenga kapepalako, n'kunena kuti agulitsa maphukusi ambiri otere ndipo palibe amene anadandaulapo. Ndinawafunsa ngati anandiuzapo za hita yausiku pamene ndinkagula. Anati mu Juni sinkafunika. N'zoona, koma kamba sakhala wa Juni yekha, ndipo iwo amadziwa bwino kuposa ine kuti Novembala amabwera. Mapeto ake anandilembera kapepala ka £15 kogulira katundu m'sitolo yawo yomweyo. £38 ya babu anakana.

Pa magetsi, zikakhala kuti zakonzedwa bwino si zoopsa. Babu la mawatsi 100 kwa maola 13 limadya mayunitsi 1.3 patsiku, pa mtengo wa chisanu cha 2024 mpaka 2025 wa pafupifupi 25p pa yunitsi zinali cha m'ma £10 pamwezi, hita yadongo n'kuwonjezera mwina £5. Chimene chinandipweteka ndi zonse zapadera: babu, dokotala, thermometer, chipewa, hita, zonse pamodzi £205, kuposa mtengo wa phukusi lenilenilo, osawerengera milungu itatu ija ya hita yaikulu. Ndipo babu ili, ngakhale likuwalabe, UVB yake imachepa, moti lidzafunika kusinthidwa chaka chisanathe.

Ndikamuona Dekhani atatambasula miyendo pansi pa nyali m'mawa, ndimafuna kupereka nyenyezi zitatu, chifukwa tebulo ndi kamba weniweniyo n'zabwino. Ndikakumbukira funso lija lakuti ana samaligwedeza, ndimatsikira pa imodzi. Ndasiya ziwiri.

Alamu, kamba mugulireni mwanayo ngati mwakonzeka kumusamala zaka makumi angapo. Tebulo mutha kutenga lomwelo, koma pemphani kuti akuchotsereni chipewa ndi thermometer pamtengo, ndipo hita yausiku ndi thermostat mugule tsiku lomwelo, musadikire Okutobala. Kapepala ka £15 kaja ndikagulira thumba la dothi mwezi wamawa, pambuyo pake m'sitolo imeneyo sindidzapondamonso.