Miyezi 9 ndi kandege kopanda injini, mbedza yandidyera ndalama

Alamu anga a ku Luchenza anandifunsa dzulo ngati nawonso agule kandege koyendetsa ndi rimoti konga kanga. Ndinati dikirani kaye alamu, nkhaniyi si ya pa foni.

Ndinakagula mu Seputembala 2023 kwa wogulitsa wina wa ku Johannesburg, kanabwera pa basi. Mapiko ake ndi mamita 2. Rimoti sinandivutepo, batire imafika madzulo, thupi lake la fomu likang'ambika limamatika ndi guluu. Pamenepo ndilibe mawu.

Nkhani ili ponyamuka. Poti kalibe injini, kamakokedwa ndi mphira wa mamita 30 wolumikiza ku chingwe cha mamita 100. Umakhoma chikhomo pansi, kubwerera m'mbuyo mphira n'kutanuka, kukoleka mphete ya kumapeto kwa chingwe pa mbedza ya kumimba kwake, kenako kukaponya kumene kukuchokera mphepo. Kamayenera kukwera ngati kaiti, mphete n'kuvuka yokha pamwamba. Kanga ayi. Kakangochoka m'manja, mphuno inkaloza kumwamba, n'kupatukira kumanzere, phiko pansi, phuu! Ana a pa bwalo la mpira anafika pomathamangira pomwe kagwere ndisanakaponye n'komwe. Choipa china, chala chimafuna kukoka kandodo ka rimoti kuti kakwere, pomwe kutero ndiye kukapha, chifukwa liwiro limatha ndipo phiko limodzi limaleka kunyamula. Umayenera kutsitsa mphuno pang'ono n'kuwongola ndi chiwongolero cha kumchira.

Ndinatumiza mavidiyo atatu pa WhatsApp. Wogulitsa anati sindidziwa kuponya, komanso mphepo yotsika m'phiri la Mulanje ndiyo ikundisokoneza. Ndinamukhulupirira, poti kuno kumunsi kwa phiri mphepo imatembenukadi osatsanzika. Koma m'mawa wina mu Januwale, kuli zii, ngakhale tsamba la tiyi osagwedezeka, kanagwanso chimodzimodzi. Ndinakhala pansi n'kukasanjika pa zala ziwiri kunsi kwa mapiko, kufuna pomwe kamalemera mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Mbedza imayenera kukhala patsogolo pang'ono pa malo amenewo. Yanga anaimata kumbuyo ndi sentimita yathunthu, yopindikanso. Ndinaidula ndi lezala, kuisunthira kutsogolo, kumata ndi guluu wolimba wa epoxy. Kuyambira tsiku limenelo kamakwera mowongoka, osagwira n'komwe rimoti. Mu Epulo kanapeza mpweya wotentha wokwera pamwamba pa minda ya tiyi, kanazungulira limodzi ndi akabawi mphindi 14. Tsiku limenelo ndikanauza aliyense kuti gulani.

Lero sindingatero msanga. Phiko lakumanzere, lomwe linamenyedwa miyezi inayi ija, lathyokera patsinde sabata yatha. Latsopano akuti R1,200, basi payokha, ndipo kwacha chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 randi sigwirika. Mphira nawonso wayamba ming'alu ndi dzuwa. Ndinayesa malegeni, koma amakoka mwadzidzidzi n'kuthera pomwepo.

Nditamutumizira chithunzi cha mbedza yokhota ija, wogulitsa sanapepese, anangoti andichotsera 10 peresenti pa phiko. Ndiye alamu, ngati mtima wakana kumva, muuzeni ajambule mbedza ndi rula pambali musanatumize ndalama. Kanga kali pamwamba pa kabati ndi phiko limodzi, kakudikira malipiro a mwezi wamawa.