Nsalu za nkhope ya agogo: ntchito yabwino, koma onani kaye sampulo

Agogo akamakwanitsa zaka 80 kapena 90, mabanja ambiri akusindikizitsa nsalu ndi matisheti a nkhope yawo m'mashopu ang'onoang'ono a m'tauni. Kwa banja lofuna nsalu 20 kapena 30, njira yake ndi yomweyi, poti fakitale imafuna oda yaikulu zedi. Ntchito imatuluka yokongola ndithu, koma pali malo angapo pamene anthu amalira.

Mashopu ambiri amagwiritsa ntchito njira yosindikizira ndi makina otenthetsera yotchedwa sublimation. Inki imalowa mu ulusi ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 200, choncho siikanganuka ngakhale muchape kangati. Vuto ndi loti imagwira pa polyester yoyera kapena ya mtundu wowala basi. Pa thonje imasuluka msanga. Tsono polyester imatentha, ndipo phwando likakhala la mu Okutobala amayi amavutika nayo. Imatereranso: poberekera mwana mfundo imamasuka yokha. Matisheti a thonje ndi bwino kuwapanga ndi screen printing (kupaka inki pa nsalu kudzera pa sefa) ya mtundu umodzi kapena iwiri. Zithunzi zomata ndi ayironi zija zimang'aluka pakangopita miyezi.

Chimene chimaononga ntchito kwambiri ndi chithunzi. Mukachitumiza pa WhatsApp mwachizolowezi, chimafinyidwa, ndipo pochikulitsa nkhope ya agogo imatuluka ya timabokositimabokosi. Chitumizeni ngati document. Chikakhala chakale cha mu alubamu, a kushopu achijambule ndi sikana pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse), osati kuchijambulanso ndi foni chili mu pulasitiki. Auzeninso opanga asasalaze nkhope mpaka makwinya kutha. Ena amatero poganiza kuti akuthandiza, mapeto ake adzukulu osawazindikira agogo awo.

Onaninso pamene chithunzi chakhala. Pa nsalu ya mamita 2, chithunzi chachikulu chimodzi pakati chimagwera kumbuyo munthu akamanga chitenje, ndiye kuti akakhala pansi wakhalira nkhope ya mwini phwando. Akuluakulu izi sazilandira. Zithunzi zing'onozing'ono zozungulira, zobwerezabwereza cham'munsi, zimaoneka mwaulemu.

Mawu akhale ochepa: dzina, mfunda wawo, kaya ndi Nabanda kaya Naphiri, ndi zaka. Za chaka chobadwa gwirizanani kaye pabanja, chifukwa cholembedwa pa chiphaso cha unzika nthawi zina chimasiyana ndi chimene alongo awo amadziwa. Ngati m'dzina muli ŵ, muonetsetse, mafonti ena amangoika kabokosi pamalopo.

Pa nthawi, musadalire lonjezo la masiku atatu. Magetsi akathima makina otenthetsera amaima. Perekani oda kudakali milungu iwiri, lipirani theka, ndipo asayambe zonse musanagwire sampulo imodzi m'manja. Mitundu ya pa kompyuta imasiyana ndi ya pa nsalu, ndipo khungu ndi limene limakonda kutuluka lofiirira. Sampuloyo muichape kamodzi ndi madzi ozizira, popanda Jik, muione ikauma.