Malimu osula ndi swingarm ya aluminiyamu pa Kawasaki Ninja 400: mmene zikuyendera m'misewu ya Mzuzu

Kwa munthu amene ali ndi njinga yamoto yothamanga kuno ku Mzuzu ndipo akulingalira zosintha malimu ndi swingarm (mikono yogwira gudumu lakumbuyo), maganizo anga ndi akuti malimu opepuka amasinthadi kayendedwe ka njinga mwa njira imene woyendetsa amaimva m'manja tsiku loyamba lomwelo, pomwe swingarm yatsopano imakongoletsa njinga kwambiri kuposa mmene imaithandizira pamsewu. Ndikulemba izi nditaika zonse ziwiri pa Kawasaki Ninja 400 yanga, ndipo ndayenda nazo m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, m'tauni muno komanso m'misewu yopita ku Nkhata Bay ndi ku Chikangawa.

Ninja 400 inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2018. Ili ndi injini ya masilinda awiri ya 399cc, imalemera makilogalamu pafupifupi 168 ikathiridwa mafuta, ndipo imabwera ndi malimu a mainchesi 17 okhala ndi tayala la 110/70 kutsogolo ndi la 150/60 kumbuyo. Malimu a kufakitale ndi a aluminiyamu wosungunula amene anathiridwa m'chikombole, ndipo swingarm, imene ndi mikono iwiri ija yogwira gudumu lakumbuyo n'kumakwera ndi kutsika nalo limodzi, ndi yachitsulo. Zipangizo zimenezi n'zolimba ndipo munthu akhoza kuyenda nazo zaka zambiri popanda dandaulo, choncho wozisintha ayenera kudziwa bwino chimene akufuna kupindula.

Phindu la limu lopepuka lili pawiri. Gudumu, tayala ndi disiki ya buleki ndi katundu amene sanyamulidwa ndi mashoko, moti njinga ikagunda kabampu, shoko iyenera kubwezera katundu yenseyo pansi mwamsanga kuti tayala ligwirenso phula, ndipo katunduyo akapepuka ntchitoyo imachitika mofulumira. Komanso gudumu limazungulira, ndipo chinthu cholemera chikamazungulira mwaliwiro chimakana kupendekeka, chimakana kuyamba kuthamanga, ndiponso chimakana kuima. N'chifukwa chake kilogalamu imodzi yochotsedwa m'mphepete mwa limu imamveka kwambiri kuposa kilogalamu imodzi yochotsedwa pampando kapena pa ekizozi. Limu losula amalipanga popanikiza chibuma cha aluminiyamu ndi makina amphamvu zedi kenako n'kuchisema, ndipo chifukwa chitsulocho chimakhala chothinana mkati, amatha kuchipyapyalitsa popanda kuchifooketsa. Kusiyana kwake kuli ngati kwa khasu losula ndi mphika wa aluminiyamu wothiridwa m'chikombole: khasu likamenya mwala limapindika, pomwe mphika ukagwa pansi umang'aluka.

Ndinalingalira mitundu itatu ya malimu. A carbon fibre (ulusi wa kaboni woumitsidwa ndi guluu), onga a kampani ya BST ya ku Johannesburg, ndi opepuka kuposa onse, koma carbon fibre siipindika, ndipo ikavulala mkati diso la makaniko silingathe kuona msanga, zimene sindinafune kuyendera m'misewu imene dzenje limatha kubisala pansi pa madzi amvula. A maginiziyamu, amene makampani monga Marchesini ya ku Italy amadziwika nawo, amafuna utoto wosakalika konse chifukwa chinyezi chimawadya, ndipo aliyense wokhala ku Mzuzu akudziwa kuti kuno mvula imachedwa kusiya ndipo nkhungu ndi mawawa zimapitirira ngakhale m'miyezi yozizira. Ndinasankha a aluminiyamu osula ochokera ku Japan, ndipo swingarm ya aluminiyamu ndinaiitanitsa kwa wogulitsa yemweyo. Limu lakutsogolo ndinasunga mulifupi wa mainchesi 3.00 monga lakale, koma lakumbuyo ndinachoka pa 4.00 kupita pa 4.50, tayala n'kukhalabe la 150/60.

Za mtengo ndinene mosabisa kuti ndi wowawa. Kuphatikiza katunduyo, zolipira pomutumiza, ndi msonkho wa MRA, ndalama zonse zinaposa mtengo wa njinga yatsopano ya kabaza, ndipo chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chimafuna munthu aganize kawiri. Amene akufuna kuitanitsa awerengeretu msonkhowo asanalipire wogulitsa, chifukwa katundu akafika sadzatulutsidwa ndi malonjezo.

Katunduyo anafika atakulungidwa bwino ndipo wopanda chokalika, koma panali zinthu zina zimene sizinandisangalatse. Malangizo a kaikidwe anali m'Chijapani chokha, moti tinadalira zithunzi ndi miyezo yathu. Kamphete kachitsulo kamodzi kamene kamakhala pakati pa belingi ndi mkono wa swingarm kanali kotalikirapo, ndipo chotchingira tcheni cha kufakitale sichinakwane pa mabowo a swingarm yatsopano. Kwa katundu wa mtengo wotere, wogulitsa anayenera kunena zimenezi poyera asanalandire ndalama, popeza wogula amene ali kutali chonchi sangabweze kachitsulo kamodzi n'kudikira kena m'masiku ochepa.

Apa ndi pamene ntchito ya galaja inaonetsa kufunika kwake, ndipo gawo limeneli ndilo limene ndikufuna owerenga alimvetse kuposa ena onse. Ndinapita ndi njingayo ku galaja ina ya ku Luwinga, kwa bambo ena achikulire amene kawirikawiri amakonza njinga za mabungwe ndi za kabaza, ndipo ngakhale kuti njinga zothamanga sizifika kawirikawiri pakhomo pawo, ali ndi khalidwe limene ndi losowa: amayeza asanamange. Asanamasule bawuti ngakhale imodzi, anayeza mtunda wa pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo, umene pa njinga imeneyi uli mamilimita 1,370, anayezanso kutalika kwa kumbuyo kwa njinga kuchokera pansi, n'kulemba zonsezo papepala. Atandifunsa ngati ndikufuna kutalikitsa njingayo, popeza swingarm yatsopano imalola kukankhira ekiselo kumbuyo, anandilangiza kuti tiisiye pafupi ndi pamene inali, chifukwa njinga yotalika imakhazikika pamsewu wowongoka koma imachedwa kukhota, ndipo ikanafunanso tcheni chachitali. Ndinagwirizana nawo, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ananena zoona.

Kamphete kotalika kaja sanakakakamize ndi hamala, ndiponso sanangomanga nati mwamphamvu kuti zonse zithinane. Anafotokoza kuti kakanakankhira gudumu mbali imodzi, disiki n'kumakhula pa buleki, ndipo sipuloketi yakumbuyo sikanayang'anizana ndi yakutsogolo, zimene zimadya tcheni msanga. Anakatengera kwa mmisiri wa makina osemera zitsulo kuti akafupikitse molingana ndi muyezo, kenako anamanga chingwe kuchokera ku tayala lakumbuyo kufika kutsogolo mbali zonse ziwiri kuti aone ngati magudumu awiriwo ali pamzere umodzi, m'malo mokhulupirira timizere tolembedwa pa swingarm. Njinga yangayi ili ndi ABS, yomwe imathandiza kuti magudumu asaleke kuzungulira mwadzidzidzi pogwira buleki, choncho anasamutsa mosamala timphete tamanomano timene kachipangizo ka ABS kamawerenga, n'kuonetsetsa kuti mpata wake uli monga unalili. Pa Ninja 400 swingarm imamangiriridwa pa chitsulo chimene chili kumbuyo kwa injini, ndipo pansi pake pali timikono tolumikiza shoko, motero mabelingi onse a pamenepo anawatsuka ndi kuwapaka gilisi watsopano asanabwezeretse. Mabawuti onse akuluakulu anawamanga ndi sipanala yoyezera mphamvu potsatira buku la njingayo.

Galajayi ilinso ndi zofooka zake. Ilibe makina ovalikira matayala pa malimu a njinga, moti anagwiritsa ntchito zitsulo zapamanja atakuta m'mphepete mwa limu ndi zidutswa za payipi ya pulasitiki, ndipo ngakhale anasamala kwambiri, limu lakumbuyo linakalikabe pang'ono pafupi ndi vavu. Ntchito inatenganso nthawi yaitali kuposa imene tinapangana, mwa zina chifukwa cha kuzima kwa magetsi kwa wosema zitsulo uja, mwa zina chifukwa anyamata a kabaza akafika ndi vuto ladzidzidzi amathandizidwa kaye, popeza iwo njinga ikaima ndiye kuti kunyumba kulibe ndiwo. Pa mfundo yachiwiriyi sindinadandaule. Polinganiza kulemera kwa gudumu kuti lisamanjenjemere, analipachika pa ekiselo yoikidwa pa zitsulo ziwiri n'kumaona mbali imene ikutsikira pansi, ndipo njira yakaleyi inagwira bwino ntchito chifukwa chiwongolero sichinjenjemera pa liwiro lililonse limene ndimayendera.

Msewu wa M5 wotsikira ku Nkhata Bay ndiwo unandionetsa chimene ndinagula. Ndi msewu wa makilomita osakwana 50 koma wodzaza ndi makona otsatizana pamene ukutsika kuchoka kumtunda kuno kupita kunyanja, ndipo pamene kona ya kumanzere ikutsatana ndi ya kumanja popanda mpata wopumira, kale ndinkachita kukankha chiwongolero ndi mphamvu kuti njinga idzuke n'kugonera mbali inayo. Tsopano imatembenuka ndi kukankha kochepa chabe, ndipo ndikaona mchenga kapena mbuzi pakati pa kona, ndimatha kusintha mzere woyendamo popanda kulimbana nayo njingayo. Pogwira buleki potsetsereka, gudumu lakutsogolo limamvera msanga. Ponyamuka pali kusintha pang'ono, makamaka m'magiya oyambirira, koma amene akuyembekeza kuti malimu awonjezera liwiro lapamwamba adzakhumudwa, chifukwa mphamvu ya injini ndi yomwe ija.

Pamsewu wa M1 wopita ku Chikangawa nkhani yake ndi ina. Pamalo pamene phula ndi lokhakhala kapena lazigamba, tayala limatsatira msewu bwino kuposa kale ndipo kugunda kofika m'mikono kunachepa, koma njinga yopepuka kutsogolo imamvanso mphepo, ndipo lole yonyamula matabwa ikamadutsa mbali inayo pamafunika kugwira chiwongolero mosaumitsa manja kuti njinga idzikhazike yokha. Zinanditengera kanthawi kuti ndizolowere kufulumira kumeneku, ndipo sindingalangize munthu amene wangoyamba kumene kuyendetsa kuti ayambire pa malimu otere. M'tauni, pakati pa Katoto ndi kumsika, pamene munthu amangoima ndi kunyamuka pakati pa maminibasi, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri.

Kunena za swingarm, ndayesetsa kufunafuna phindu lake pamsewu ndipo ndapeza lochepa. Ndi yopepukirapo kuposa yachitsulo, yowotcheredwa mwaluso, siichita dzimbiri, ndipo zokokera tcheni zake n'zosavuta kulinganiza kuposa zakale, zimene ndimayamikira nthawi iliyonse ndikamakunga tcheni. Koma swingarm yolimba kwambiri imafunika pa njinga za mahosipawa pafupifupi 200 zimene zimatha kupotokola chitsulo potuluka pakona, ndipo injini ya Ninja 400 siifika ngakhale pa mahosipawa 50. Chimene swingarm yatsopanoyi yachita ndicho kuonetsa poyera malire a shoko ya kufakitale, imene imangolola kusintha kuthina kwa sipuling'i basi, osati liwiro limene imabwererera. Ndalama imene inapita ku swingarm ikanachita zambiri ikanagula shoko yabwino yakumbuyo ndi matayala apamwamba, ndipo munthu wofuna kukonza njinga yake motsatira ndondomeko ayambe ndi matayala, kenako mashoko, kenako malimu, swingarm ikhale yomalizira ngati ndalama yatsala.

Pali nkhawa ina imene mwini malimu otere amayenda nayo tsiku lililonse. Limu losula likagunda dzenje lakuthwa limapindika m'malo mosweka, zimene zikhoza kupulumutsa moyo, koma kuliwongola ndi moto monga ena amachitira ndi malimu a galimoto kumalifooketsa, ndipo lina lolowa m'malo mwake silipezeka m'sitolo iliyonse ya ku Mzuzu. Pachifukwa chimenechi malimu akale ndi swingarm yakale ndinazisunga pamodzi ndi timphete take tonse, ndipo ndikulangiza aliyense kuti asazigulitse. Ndimayeza mpweya wa matayala kawirikawiri kuposa kale, chifukwa tayala lochepa mpweya ndilo limalola dzenje kufika pa limu. Ndinadziwitsanso a inshuwalansi za kusinthaku mwa kalata, popeza ngozi ikachitika zipangizo zosalembedwa zikhoza kubweretsa mkangano pa nkhani ya malipiro.

Mvula itatha ndinabwerera ku Luwinga kuti akaonenso ntchito yawo, monga anandiuzira pa tsiku lotenga njinga. Anayang'ana mabawuti a madisiki ndi a sipuloketi, anagwedeza magudumu kuti amve ngati mabelingi ayamba kulekerera, anaunika timphira ta m'kati mwa gudumu lakumbuyo timene timafewetsa kukoka kwa tcheni, ndipo anapeza kuti matope ofiira analowa pa timikono ta shoko, choncho anatsukanso ndi kupaka gilisi. Pa ntchito yoonanso imeneyi analipiritsa mtengo wa gilisi wokha, ndipo tinapangana kuti shoko yatsopano ikadzafika, adzayamba ndi kuyeza mmene njinga imatsikira ine nditakhalapo asanasinthe china chilichonse.