Mbewu ya duckweed yogulitsidwa m'zidebe kufupi ndi Ulongwe

Mlimi wina amene ali ndi madamu a nsomba kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, akugulitsa mbewu ya duckweed, tizomera tobiriwira toyandama pamadzi, ndipo ine ndinagulako chidebe chimodzi kuti ndiziwonjezera pa chakudya cha nsomba ndi abakha anga. Mtengo wake ndi wosaboola m'thumba, komanso mwiniwake amatunga mbewuyo m'damu wogula akuona.

Nditaika pang'ono pachikhatho, ndinaona kuti kachomera kalikonse ndi kophwatalala, kakang'ono ngati njere ya mapira, ndipo kali ndi muzu umodzi wokha wolendewera kunsi, chimene chikusonyeza kuti ndi mtundu wa Lemna. Wa Spirodela umakhala ndi mizu ingapo, pamene wa Wolffia, umene ndi wochepetsetsa mwa zomera zonse zochita maluwa padziko lapansi, ulibe muzu n'komwe. Tizomerati sitichita maluwa kawirikawiri: katsopano kamaphuka m'mbali mwa kakale n'kudukapo, ndipo pamadzi odekha okhala ndi manyowa pang'ono timatha kuwirikiza kawiri m'masiku 2 kapena 3. Wogulitsayo ananena kuti mbewuyi imachulukana msanga, ndipo pamenepa sananame, chifukwa damu langa laling'ono linaphimbika mosakhalitsa.

Chimene sindigwirizana nacho ndi mawu ake akuti wogula sadzafunanso madeya. N'zoona kuti duckweed youma imakhala ndi mapuloteni a pakati pa 20 ndi 40 peresenti, koma yaiwisi ndi madzi oposa 90 peresenti, motero beseni lodzaza likauma limatsala lochepa kwambiri, ndipo woleka kugula madeya chifukwa cha mawuwa adzaona ziweto zake zikupinimbira. Sanandiuzenso kuti kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julayi kumachedwetsa kakulidwe kake, ngakhalenso kuti ikaphimba damu lonse la nsomba imatchinga dzuwa n'kuchepetsa mpweya m'madzi, zimene zingaphe nsomba. Ndi bwino kuilima padera, n'kumakokolola ndi sefa muyeso wokwanira tsiku limenelo.

Mbewuyo ndingailimbikitse kwa woweta aliyense amene ali ndi madzi osaphwa, koma asanaithire m'damu ayambe waitsuka ndi kuiyang'anitsitsa pamadzi oyera. M'chidebe changa munali tinkhono ting'onoting'ono tomatirira kumizu, ndipo nkhono zina za m'madzi ndizo zimafalitsa likodzo.